Luso Lounika Mapulogalamu a pa Intaneti Kuti Anthu Aulumali Aziwagwiritsa Ntchito

Wounika mapulogalamu a pa intaneti ndi mmisiri amene amapatsidwa ntchito yoyankha funso limodzi, lakuti kodi munthu wosaona, wosamva, wolumala manja kapena wovutika kukumbukira angathe kuyamba chinthu pa pulogalamu inayake n'kuchimaliza yekha, popanda kuitana mwana kapena mnansi kuti amuthandize. Pulogalamu ya pa intaneti imasiyana ndi tsamba longowerengapo nkhani chifukwa munthu amachitirapo kanthu, monga kutumiza ndalama, kugula tikiti kapena kulembetsa mayeso, ndipo zimene zili pasikirini zimasintha malinga ndi zimene iye wadina. Kusinthasinthaku ndi kumene kumavutitsa ntchitoyi, pakuti cholakwika chachikulu kawirikawiri sichikhala pa tsamba loyamba, koma chimabisala mkati, pamene munthu watsala pang'ono kulipira.

Muyezo umene wounika amayendera sadzipangira yekha. Bungwe la W3C, limene Tim Berners-Lee anakhazikitsa mu 1994, linatulutsa malangizo otchedwa WCAG koyamba mu 1999, kenaka linawakonzanso mu 2008, mu 2018 ndi mu 2023, moti amene ali m'manja mwa ounika ambiri lero ndi WCAG 2.1 ndi WCAG 2.2. Malangizowa amafuna kuti zimene zili pa tsamba zizitha kuzindikirika ndi maso, makutu kapena zala, zizitha kuyendetsedwa, zizimveka, ndiponso zizigwirizana ndi zipangizo zimene anthu aulumali amadalira. Mu WCAG 2.2 muli mfundo 86, iliyonse yolembedwa mwanjira yoti munthu athe kunena ngati yakwaniritsidwa kapena ayi, ndipo zaikidwa m'magawo atatu, A, AA ndi AAA. Gawo limene malamulo a mayiko amakonda kutchula ndi AA, limene limatenganso mfundo zonse za gawo A, zonse pamodzi n'kukwana 55.

Asanatsegule pulogalamu, wounika amakhala pansi ndi eni ake kuti agwirizane malire a kauniuni, ndipo wounika wosasamala amagonja pomwepa ntchito isanayambe. Pulogalamu yaikulu ikhoza kuonetsa masamba osawerengeka, choncho palibe amene angayese onse. Njira imene W3C inafalitsa mu 2014, yotchedwa WCAG-EM, imalangiza kusankha masamba oimira enawo, n'kuwonjezerapo ena ochepa otengedwa mwachisawawa, okwana limodzi pa khumi aliwonse, kuti aonetse ngati kusankha kuja sikunasiye kanthu. Eni pulogalamu, mwachibadwa, amafuna kuonetsa masamba amene akuwanyadira, ndipo amapempha kuti gawo lolipirira lisiyidwe kunja chifukwa linapangidwa ndi kampani ina. Malangizo a WCAG salola zimenezi: ngati tsamba lili mbali ya ntchito yotsatizana, monga kusankha katundu, kulemba keyala ndi kulipira, masamba onse a ntchitoyo ayenera kukwaniritsa muyezo, apo ayi palibe ndi limodzi lomwe limene lingatchedwe lokwanira. Lamuloli ndi lokhwima, koma ndi lolungama, pakuti wogula amene wasankha katundu bwinobwino n'kulephera kulipira sanagule kanthu.

Ntchito yeniyeni imayamba ndi mapulogalamu oyesa okha, monga axe, WAVE ndi Lighthouse, amene amasanthula tsamba m'kanthawi kochepa n'kutulutsa mndandanda wa zolakwika. Ali ndi phindu, chifukwa satopa kuwerenga zithunzi zopanda mawu ofotokozera kapena malo olembapo a mufomu opanda dzina, ndipo ndi njira yotereyi imene bungwe la WebAIM la ku Utah State University lakhala likuyesera masamba oyamba miliyoni imodzi chaka ndi chaka kuyambira mu 2019, n'kumapeza zolakwika pa masamba oposa 90 mwa 100 aliwonse. Komabe maso a makinawa ndi afupi. Mu 2017 nthambi ya boma la Britain yoona za ntchito za pa intaneti, Government Digital Service, inapanga dala tsamba lodzaza ndi zopinga n'kuliyesa ndi mapulogalamu oterewa, ndipo palibe imene inapeza ngakhale theka la zopingazo. Chifukwa chake n'chosavuta kumvetsa: makina amaona kuti chithunzi chili ndi mawu ofotokozera, koma sadziwa ngati mawuwo akunena zoona, moti batani lotumizira ndalama limene lapatsidwa dzina loti "chithunzi 2" limadutsa mayeso popanda vuto. Wounika amene amapereka zotuluka m'makina ngati lipoti lake sanagwire ntchito imene analipidwira.

Pambuyo pake amakankhira mausi pambali n'kuyenda m'pulogalamu yonse ndi kiyibodi yokha, monga amachitira munthu wosaona kapena amene manja ake amanjenjemera. Batani la Tab limamusuntha kuchoka pa chinthu chimodzi kupita pa china, la Enter ndi la Space amadina, la Escape limatseka, ndipo nthawi yonseyi maso ake amatsata focus, chizindikiro chosonyeza chinthu chimene kiyibodi yafikapo, chimene nthawi zambiri chimaoneka ngati mzere wozungulira batani. Opanga masamba ena amachotsa mzerewu chifukwa amauona wosakongola, ndipo akatero munthu wodalira kiyibodi amangodina mongoyerekeza. Mavuto aakulu amapezeka pa kawindo kamene kamatulukira pamwamba pa tsamba kudzafunsa, mwachitsanzo, ngati munthu akutsimikiza kutumiza ndalama. Kawindoko kakatseguka, focus iyenera kulowa mkati mwake, kukhala momwemo mpaka katatsekedwa, kenaka kubwerera pa batani limene linakatsegula. Ikatsalira kumbuyo, munthu wosaona sadziwa n'komwe kuti wafunsidwa funso, ndipo amapitiriza kuyendayenda pa tsamba limene lakwiririka. Ikalowa koma n'kusowa potulukira, wakodwa mu msampha umene WCAG imauika m'gulu la zolakwika zowononga tsamba lonse, ngakhale zina zonse zitakhala bwino.

Kenaka amayatsa screen reader, pulogalamu imene imawerenga mokweza zimene zili pasikirini kapena kuzitumiza ku chipangizo cha zilembo za Braille. Zodziwika kwambiri ndi JAWS, yogulitsidwa; NVDA, yaulere, imene Michael Curran anayamba mu 2006 ku Australia n'kuikulitsa pamodzi ndi James Teh, onse awiri osaona; VoiceOver ya pa zipangizo za Apple; ndi TalkBack ya pa mafoni a Android. Wounika amayesa ndi ziwiri kapena kuposerapo, chifukwa sizimva tsamba mofanana. Pa chinthu chilichonse chodinidwa amamvetsera zitatu: dzina lake, chimene chili, ndi mmene chilili pa nthawiyo, ndiye kuti ngati ndi batani kapena bokosi lochongapo, ndiponso ngati lachongedwa kale. Batani lenileni la HTML, chilankhulo chomangira masamba, limanena zonsezi lokha, koma amisiri ambiri amajambula chinthu chooneka ngati batani kuchokera ku bokosi wamba, ndipo screen reader imachidutsa osanena kuti ndi batani. Pofuna kukonza zimenezi panabwera WAI-ARIA, ndondomeko imene inavomerezedwa mu 2014, yolola mmisiri kuuza screen reader kuti bokosi lija ndi batani. Vuto lake n'lakuti ARIA imangolonjeza, siichita: imalengeza kuti pali batani koma siichititsa kuti Enter agwire ntchito, ndipo kafukufuku wa WebAIM uja wakhala akuonetsa kuti masamba ogwiritsa ntchito ARIA amakhala ndi zolakwika zambiri kuposa opanda. N'chifukwa chake langizo limene wounika amalemba kawirikawiri n'lakuti mmisiri achotse zimene anawonjezera n'kubwerera ku batani wamba.

Palinso vuto la mauthenga ongotulukira, limene ndi la mapulogalamu makamaka. Munthu akadina kuti atumize fomu, pakona ya sikirini pamaoneka mawu ofiira onena kuti nambala ya foni yalakwika, kapena obiriwira onena kuti ndalama zapita, koma tsamba silinatsegukenso, choncho screen reader siinena chilichonse pokhapokha mmisiri atakonza kuti uthengawo ulengezedwe. Munthu amene sanamve kanthu amadinanso, ndipo akhoza kulipira kawiri. Mfundo yokhudza zimenezi inalowa m'malangizo mu 2018.

Zoyesa zina zimapita msanga chifukwa zili ndi manambala. Kusiyana kwa kuwala pakati pa zilembo wamba ndi mtundu wa kumbuyo kwake kuyenera kufika 4.5 kwa 1, ndipo pa zilembo zazikulu 3 kwa 1. Zilembo ziyenera kukulitsika kufika pa 200 peresenti popanda mawu kudukira. Kanthu sikayenera kuthwanima koposa katatu pa sekondi, kuopa kudzutsa khunyu. Ndipo pulogalamu imene imatulutsa munthu nthawi ikatha iyenera kumuchenjeza n'kumupatsa masekondi osachepera 20 oti awonjezere nthawi. WCAG 2.2 inawonjezera kuti polowa mu akaunti munthu asakakamizidwe kuloweza kapena kukopera zilembo popanda njira ina. Chilankhulo cha tsamba nachonso chiyenera kulembedwa m'kati mwake, ndipo cha Chichewa chizindikiro chake ndi ny. Tsamba la Chichewa limene lalembedwa kuti ndi la Chingerezi limauza screen reader kuti itchule mawu athu motsatira katchulidwe ka Chingerezi.

Lipoti ndi pamene luso la wounika limaonekera, chifukwa amene adzaliwerenge ndi mmisiri wotanganidwa amene mwina sanayatsepo screen reader. Cholakwika chilichonse chimalembedwa ndi malo ake, masitepe oti wina atsate kuti achione yekha, mfundo ya WCAG imene yaswedwa, munthu amene chikumutsekereza, ndi njira yokonzera. Malangizo a WCAG sasiyanitsa cholakwika chopweteka ndi chongosowetsa mtendere mkati mwa gawo limodzi, motero kusanja kumatsalira wounika, amene ayenera kuika patsogolo batani limodzi loletsa kulipira ngakhale pali zolakwika zazing'ono makumi asanu. Ounika osamala amaitananso anthu aulumali amene amagwiritsa ntchito zipangizozi tsiku ndi tsiku, ndipo amawalipira, pakuti munthu woona amene amayatsa NVDA pa nthawi ya ntchito yokha sayenda m'tsamba mmene amayendera amene amaidalira pa moyo wake wonse, ndipo pulogalamu ikhoza kukwaniritsa mfundo zonse 55 n'kukhalabe yotopetsa.

Ambiri mwa eni mapulogalamu amabwera kwa wounika chifukwa cha malamulo. Mu 1999 Bruce Maguire, munthu wosaona, anadandaula za tsamba la masewera a Olympic a ku Sydney, ndipo mu 2000 anapatsidwa chipukuta misozi cha madola 20,000 a ku Australia. Ku America, Guillermo Robles anasumira kampani ya Domino's atalephera kuitanitsa chakudya pa tsamba ndi pa pulogalamu yake ya pafoni, ndipo mu 2019 khoti la apilo linagamula kuti lamulo la ADA la mu 1990, loteteza anthu aulumali, likukhudzanso zimenezi, khoti lalikulu n'kukana kumva apilo ya kampaniyo. Ku Ulaya, lamulo la European Accessibility Act linayamba kugwira ntchito pa 28 June 2025 ndipo likukhudza mabanki, malonda a pa intaneti ndi matikiti a maulendo. Kasitomala woopa mlandu amafuna pepala loti aonetse, ndipo pamenepa mpamene wounika amayesedwa.

Bungwe la W3C silipereka chiphaso kwa tsamba lililonse, ndipo zizindikiro zake zimene zimaoneka pansi pa masamba ena amaziika okha eni masambawo. Zimene zilipo ndi zikalata zamitundumitundu. Kampani yogulitsa pulogalamu ku boma la America imadzaza fomu yotchedwa VPAT, kunena pa mfundo iliyonse ngati pulogalamu ikukwaniritsa, ikukwaniritsa pang'ono, kapena ayi. Mabungwe a boma ku Britain, motsatira malamulo a mu 2018, amafalitsa chikalata choulula mbali zimene sizinakonzedwe. Ku France muyezo wa RGAA umawerengera maperesenti, ndipo tsamba lofika pa 50 limatchedwa lokwanira pang'ono, ngakhale kuti peresenti siinena ngati mfundo zotsalazo ndi zimene zikutseka khomo. Bungwe la IAAP limapereka ziphaso za CPACC ndi WAS, koma zimenezi zimatsimikiza luso la munthu woyesa, osati pulogalamu. Chiphaso chimene kampani younika imapereka n'chofanana ndi COF ya galimoto, imene imachitira umboni za tsiku limene galimoto inayesedwa koma siilonjeza kuti mabuleki adzagwirabe mwezi wamawa. Kusiyana kwake n'kwakuti pulogalamu imasinthidwa mwina kangapo pa sabata, ndipo kusintha kumodzi kukhoza kubwezeretsa msampha umene unachotsedwa.

Njala ya pepalayi ndi imene yabala malonda a timapulogalamu tomata pamwamba pa tsamba, timene timalonjeza kukonza zonse tokha. Mu 2025 bungwe la boma la America loteteza ogula, Federal Trade Commission, linalamula kampani ya accessiBe kulipira madola 1 miliyoni chifukwa chonena zosocheretsa kuti chipangizo chake chingachititse tsamba lililonse kukwaniritsa WCAG. Wounika akapeza kapulogalamu kotere pa tsamba amayesa monga mwa nthawi zonse, ndi kiyibodi ndi screen reader, ndipo amalemba zimene wapeza.

Chotero wounika asanasaine chikalata chake, amabwereranso kukayesa chilichonse chimene amisiri akuti akonza, chifukwa kukonza kumodzi nthawi zina kumathyola china. Pa chikalatacho amalemba tsiku, nambala ya pulogalamu imene anayesa, WCAG imene anatsata ndi gawo lake, masamba ndi ntchito zimene zinalowa mu kauniuni, screen reader ndi browser zimene anagwiritsa ntchito, komanso mbali zimene zinasiyidwa kunja pamodzi ndi chifukwa chake. Ngati eni pulogalamu akana kuti gawo lolipirira liyesedwe, amalemba zimenezo poyera ndipo sanena kuti ntchito yogula yakwaniritsa gawo AA. Amalangizanso kuti mayeso a makina aziyendetsedwa nthawi iliyonse pulogalamu ikasinthidwa, ndi kuti kauniuni wa manja abwerezedwe pakabwera kusintha kwakukulu pa malo olowera, pa mafomu kapena pa njira yolipirira.