A class, C class: ndani anayeza nzeru za mwana wanu?

Imwe amene muli ndi mwana kapena mng'ono wanu wolemba Grade 7, mudziwa mmene kumakhalira mu komboni ma results akatuluka. Foni ili m'manja, SMS yatumizidwa, aliyense wakhala chete. Nambala ikabwera, nyumba ina kumveka nthungululu, nyumba ina chitseko chatsekedwa pang'onopang'ono. Pofika madzulo, ku Kanyama, ku Chawama, ku Mtendere, ana agawidwa kale pawiri: "uyu ni wanzeru", "uyu ni dull". Ndipo mawu awa amamatira maningi. Muntu afika zaka 40 akali kukamba kuti, "Ine sukulu inanikana."

Lero ndifuna tikambe za nambala ija, ndaba ambiri a ife timaiopa koma sitidziwa mmene imapangidwira.

Mayeso a Grade 7 amakonzedwa ndi Examinations Council of Zambia, amene tonse titcha ECZ. Mafunso ake ni osankha yankho pakati pa A, B, C ndi D, mwana adetsa kabokosi ndi pensulo. Ma marks onse pamodzi amafika 900. Pepala lililonse lingapatse mwana mpaka 150, ndipo kale anali kuwerengera maphunziro anayi amene wachita bwino, nkuonjezapo mapepala awiri otchedwa Special Paper 1 ndi Special Paper 2. Werengani bwino apa: mapepala awiri aja anali 300 pa 900. Gawo limodzi mwa magawo atatu a tsogolo la mwana linali m'mapepala amene analibe period yake pa timetable monga Maths kapena English.

Nanga munali chani m'menemo? Special Paper 1 inali ya kuganiza ndi mawu: liwu ili ligwirizana ndi liti, ndi liti limene silikuyenera pa gulu, chotsatira ni chani pa mndandanda. Special Paper 2 inali ya zithunzi: tumabokosi, tumizere, tumadontho tumene tuzungulira kapena kuchuluka, ndipo mwana apeze kamene kasoweka. Cholinga chake chinali chabwino. Anali kufuna kuona mwana amene mutu wake ugwira msanga, olo sukulu yake ilibe mabuku. Pa ma marks onse pamodzi ndi pamene amaika cut-off point, imene imasiyana malinga ndi province komanso mtundu wa sukulu. Ana amene akwera pamwamba penipeni ndi amene amaitanidwa ku masukulu a boarding ndi a technical. Pambuyo pa Grade 9 sefa ina inali kudikira, ndipo mayina monga Hillcrest ku Livingstone kapena David Kaunda muno mu Lusaka makolo amawatchula monga atchula kumwamba.

Manje vuto ni iyi. Anali kukamba kuti Special Paper siphunziridwa, ni nzeru zobadwa nazo. Ine amene ndinailemba ndikana.

Pa sukulu yathu ya boma tinali kukhala atatu pa desiki imodzi. Pakati pathu panali mtsikana wina amene amai ake anali kugulitsa tomato ndi kapenta pa msika. Akakomboka ku sukulu, iye ndiye anali kugwira ndalama. Chenji anali kuiwerenga m'mutu kasitomala akali kufunafuna m'thumba. Long division ine sindinaimve kwa ba ticha, ndinaimva kwa iye, pa break, akulemba ndi kamtengo pansi.

Kusiyana kwathu kunali kumodzi chabe. Akulu anga anali kusewenza pa malo ochita photocopy mu town, ndipo anali kundibweretsera ma past papers. Pofika tsiku la mayeso, tumabokosi tuja ndinali nditatuona kambirimbiri. Ndinadziwa kuti ukaona kadontho kali pakona, yang'ana ngati kayenda kumanja kapena kumanzere. Ndinadziwa kuti funso likakuvuta, lisiye, pita kutsogolo, uzabwerera. Mnzanga uja anakumana nazo mokwanira tsiku lomwelo, wotchi ili kuthamanga. Atatuluka anakamba kuti, "Nayamba kuzimvetsa pamene ba invigilator akuti pencils down."

Ine ndinafika pa cut-off point. Iye anatsala ndi ma marks ochepa. Masiku aja kunali APU, makalasi a masana olipira, a ana amene sanapeze malo a m'mawa. Amai ake anakongola kaloba kuti alowe. A m'mawa tinali kutchedwa ana a sukulu enieni, a APU anali kusekedwa ngati otsalira. Ba ticha anali kufika kwa iwo atalema kale. Lero mnzanga uja ali ndi shopu yake ya hardware, savutika, ndipo palibe supplier angamunamize pa masamu. Koma anali kufuna kukhala injiniya, ndipo tonse amene tinakhala naye pa desiki tidziwa kuti mutu anali nawo.

So mukamva kuti mayeso ayeza nzeru, vomerani theka chabe. Ayeza nzeru, inde, koma ayezanso zimene mwana anakumana nazo. Ganizani za chizungu. Kuyambira 2014, ana a masukulu a boma anali kuphunzira mu chilankhulo cha kwao kuyambira Grade 1 mpaka Grade 4, chizungu nkutenga malo ku Grade 5. Mwana wa pa private wakhala akamba chizungu kuchokera ku baby class, kunyumba aonera ma cartoon a chizungu. Onse awiri apatsidwa funso limodzi la mawu a chizungu, nthawi imodzi. Amene wayankha msanga, kodi ni wanzeru kuposa mnzake, kapena ni wozolowera? Onjezani njala ya m'mawa, malaiti amene apita usiku woti awerenge, ndi mwana wamkazi amene ayamba watapa madzi ndi kusambika ang'ono ake asanagwire buku.

Kusankha sikuthera pa geti ya sukulu. Mukalowa mkati mupeza A class, B class, mpaka kumunsi. Masukulu ambiri amaika a ma marks apamwamba m'kalasi imodzi. Ku senior, kalasi imeneyi ndiyo ipatsidwa pure sciences, kutanthauza Physics payokha, Chemistry payokha, nthawi zambiri ndi Additional Mathematics. Ena atenga Science yophatikiza, ena commerce, ena zamanja. Pa pepala, onse ni maphunziro abwino. Koma funsani aliyense amene anapitamo: kalasi ya A ndiyo ilowa mu lab kawirikawiri, ndiyo ipatsidwa ba ticha amene sajomba, ndiyo ba head aidziwa mayina. Ndipo mwana wofuna udokotala kapena uinjiniya ku UNZA kapena ku CBU, akafika chaka choyamba, amene anachita pure sciences ayamba ali patsogolo. Chinthu chimene chinagamulidwa pa list yomatidwa pa notice board mwana ali ndi zaka 15 chimutsatira mpaka ku yunivesite.

Sindikamba kuti kusankha ni koipa. Mwana amene amaliza masamu onse anzake akali pa nambala 2 afunika zomulemera, apo ayi ayamba chongo, nkutchedwa wamwano. Malo ku masukulu abwino ni ochepa, ndipo mayeso ni abwino kuposa kusankha mwa chibale kapena mwa envelopu. Mwana wa wogulitsa malasha angathe kumenya 800 nkukagona mu dormitory imodzi ndi mwana wa bwana. Icho ni chinthu chofunika kuchiteteza. Chimene ndikana ni kutenga nambala ya sabata imodzi nkuisandutsa dzina la mwana.

Ngakhale a mu A class ali ndi katundu wao. Ine ndinakhalamo. Ukauzidwa tsiku ndi tsiku kuti ndiwe wanzeru, uyamba kuopa kufunsa, ndaba wanzeru safunsa. Ndinaona anyamata amene sanafelukepo chibadwire akugwa koyamba ku koleji, nkulephera kuuka, chifukwa palibe anawaphunzitsa kuti kugwa kuliko. Pamene a ku C class, ozolowera kulimbana, anali kupita pang'onopang'ono mpaka kumaliza.

Palinso fashoni ina imene yafala, maka-maka ku tumasukulu twa private: kudumphitsa mwana. Ali Grade 6, ba ticha akuti, "Uyu ni sharp, alembe chabe Grade 7." Kholo limva bwino, fees ya chaka chimodzi yapulumuka, ndipo pa kitchen party pali chokamba. Ana ena zoona amakwanitsa. Koma musanavomere, funsani: kodi mwana amvetsa, kapena waloweza mayankho? Kupasa mafunso a A, B, C, D ni kwina, kulemba composition ndi kufotokoza mmene wapezera yankho ni kwina. Ganizaninso thupi ndi mtima wake. Kamwana ka zaka 11 pakati pa anyamata omera ndevu, kapena ku boarding kumene kafunika kuchapa ndi kusunga ndalama kokha, nzeru za m'buku sizikateteza. Mwana wanzeru angapatsidwe mabuku olimba ndi mafunso ovuta ali m'kalasi ya msinkhu wake.

Mwina mukuti zonsezi ni zakale, pakuti zinthu zasintha. Zoona, kuyambira January 2022 maphunziro ni aulere m'masukulu a boma mpaka ku secondary, ndipo mu 2025 curriculum yatsopano inayamba, tayambanso kumva za Form 1 m'malo mwa Grade 8. Mayina asintha, koma malinga ngati ana ni ambiri ndipo ma lab ni ochepa, kusankha kuzakhalapo. Ndiye chofunika ni kudziwa mmene sefa isewenzera mwana wanu asanalowemo.

Choyamba, musalole mwana akumane ndi mafunso a mayeso koyamba mu exam room. Ma past papers apezeka, kuchita photocopy ni ndalama zochepa kuposa bundle ya pa sabata. Simufunika kukhala ophunzira kuti mumuthandize. Mupatseni pepala, ikani foni pa thebulo iwerenge nthawi, akamaliza akuuzeni chifukwa chake wasankha yankho ilo. Pofotokoza ndi pamene mutu utseguka. Nsolo ndi draft nazo ni masewera a kuona patsogolo, musamuthamangitse akakhala pa bolodi ndi ankolo ake.

Chachiwiri, chizungu chimabwera ndi kuwerenga. Nyuzipepala yakale, Baibulo, kabuku ka pa salaula ya mabuku mu town, chilichonse. Awerenge mokweza pamene imwe muphika.

Chachitatu, pitani ku sukulu. Ambiri a ife timaonekera chabe tikaitanidwa pa mlandu. Funsani mwaulemu: "Ba ticha, mwana wanga mwamuika kalasi iyi poona chani? Akachita bwino term ino, angasinthe?" Masukulu ena amasuntha ana pambuyo pa mayeso a term, koma amayamba ndi mwana amene kholo lake lionekera. Funsaninso za JETS, kalabu ya sayansi imene ili m'masukulu ambiri. Kumeneko mwana wa C class amene amasula wailesi kunyumba angaonetse zimene pepala silinaone.

Ndipo imwe achinyamata amene munaikidwa kale kumunsi, kapena nambala inakukanani, njira sizinathe. GCE iliko ya kukonza ma grade. Makoleji a TEVETA aliko, ndipo wa magetsi kapena plumber wodziwa ntchito sagona ndi njala mu Lusaka muno. List ija inakamba za mmene munalembera sabata imodzi, muli mwana, mwina muli ndi malungo, mwina kunyumba kuli maliro. Sinakambe za zimene mungaphunzire muli ndi zaka 25.

Chomaliza chili pakamwa panu, imwe makolo, ba aunty, ba ankolo. Tsiku la ma results mwana amayang'ana nkhope yanu asanayang'ane foni. Ngati wapasa bwino, muyamikeni chifukwa cha kulimbikira, asaganize kuti anabadwa wapadera ndipo thukuta ni la ena. Ngati nambala yachepa, musamuyerekeze ndi mwana wa neba, ndipo liwu lija la "dull" lisatuluke. Mupatseni nsima adye. Mawa m'mawa khalani naye pansi, muone pepala limene linamugwetsa, muyambire pamenepo.