Khonde la amayi

Ku Mchinji kuno nyumba yakale imadziwika ndi khonde. Kuchokera pa Kamwendo kukafika pa Boma, ngakhale mutalowera ku Mkanda, nyumba zomwe anthu adamanga ndi ndalama za fodya ndi mtedza m'ma 1970 zimafanana: njerwa zootcha zomangira dothi, timawindo ting'onoting'ono, malata otsika, ndiyeno khonde lotambalala la simenti yofiira, yomwe ana tinkaipaka Cobra Loweruka lililonse. Yathu bambo adaimanga mu 1978, kumudzi kwa amayi poti iwo adali mkamwini, ndipo amayi akugonabe momwemo.

Chaka chatha denga lidayamba kudontha, chiswe chitadya mitengo iwiri yogwira malata. Achimwene anga a ku Johannesburg adati ndalama atumiza, koma tisakonze denga lokha. Zithunzi zidayamba kugwa pa WhatsApp: matailosi oyera ngati mbale, siling'i ya PVC ya timagetsi m'mbali, mawindo a aluminiyamu. Khonde nalo ankati titseke ndi magalasi, likhale mbali ya pabalaza.

Sindiwanena achimwene. Munthu wogona m'kachipinda ka lendi kutali ndi kwawo amafuna akabwera pa Khirisimasi aone komwe thukuta lake lidapita. Ndipo zinthuzo kuno sizisowa. Chipata tili naye pafupi kuposa Lilongwe, simenti ndi matailosi zimangodutsa pa Mwami. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, randi idayamba kulemera m'manja.

Adandiimitsa ndi mmisiri wina wachikulire yemwe tidamuitana kudzaona ntchito. Adagogoda khoma ndi chala, n'kundifunsa: "Mayi, mukufuna nyumbayi ikongole zaka zingati?" Kenako adafotokoza. Pansi pa makoma akalewa sadaikepo pulasitiki yotchinga chinyontho. Dzinja likafika khoma limamwa madzi kuchokera m'nthaka, koma poti lidamangidwa ndi dothi n'kupakidwa laimu, madziwo amauma okha. Mukalimata ndi simenti yolimba, n'kupaka penti ya mafuta, pansi n'kuyala matailosi, chinyontho chimasowa potulukira, chimakwera m'mwamba. Pulasitala amatupa, penti n'kumasendeka, m'munsi mwa khoma n'kuyera mchere. Nditamva izi ndidakumbukira nyumba ziwiri za m'mudzi mwathu zomwe zidakonzedwa mwamakono: zonse zili ndi lamba wakuda kufika m'mawondo. Za khonde adangoti ndi ambulera ya khoma, mvula yokuntha imathera pamenepo.

Kwa ine khondelo ndi loposa ambulera. Mtedza wa mu Meyi amayi amasendera pomwepo. Amuna anga, omwe mpaka lero salowa chisawawa m'nyumba ya apongozi awo, amapereka moni ali pamenepo. Pamaliro a bambo amayi a m'mudzi adagona usiku wonse pakhondepo. Mukalitseka ndi magalasi, mlendo wa matope kumapazi amaima panja, akuopa kudetsa. Komanso munthu wa zaka 79, woyenda ndi ndodo, pamatailosi oterera? Ayi ndithu.

Nditawauza achimwene adapsa mtima. "Ndiye ndalama zanga zingogula laimu? Mwinimbumba ndi ndani, iwe kapena ine?" Milungu iwiri foni idangoti zii. Zidandiwawa, chifukwa pamwambo wathu mawu awo ndi akulu, komanso pamwambo womwewo nyumbayi adzatsalamo ndine ndi ana anga. Ena ankati tingoigwetsa, timange ya mabuloko. Koma njerwa zimenezi zidadya kale mitengo yake pozitentha. Boma mu 2018 lidaletsa njerwa zootcha panyumba za boma ndi za malonda pofuna kuteteza nkhalango, ndiye ife tiphwanye zomwe zilipo kale?

Adathetsa nkhani ndi amayi. Adatenga foni yanga n'kunena mawu ochepa: "Iwe, ndikufuna kugona posadontha, ndione magetsi. Khondelo n'langa."

Tidasintha malata onse, mitengo yatsopano tidaipaka mankhwala a chiswe. Siling'i ya PVC idalowa kuchipinda ndi pabalaza, ndipo ndivomere, fumbi lidachepa, nyumba idawala. Windo limodzi tidalikulitsa, pamwamba pake tidaika lintala. Sola ili padenga. Makoma tidawapakanso laimu. Zitseko za mlombwa, zomwe achimwene ankafuna zichoke, kalipentala adangozipala n'kupaka vanishi. Adati matabwa otere lero ngakhale uli ndi ndalama umayenda mtunda kuti uwapeze. Kabati ya magalasi ya amayi, ya makapu omwe sitidamwerepo chibadwire, ili pamalo pake.

Achimwene sadabwerebe kudzaona. Ndidawatumizira zithunzi, adangoyankha ndi kachala kamodzi koloza m'mwamba. Makatoni 12 a matailosi omwe adalipiriratu ku Chipata ali m'sitolo, osatsegula. Amayi adasanjikapo matumba a mtedza kuti asagwire chinyontho.