Zimene Ndaphunzira Poyendera Mzinda wa Zomba

Ndimakhala ku Blantyre, ndipo kwa zaka zambiri pa Zomba ndinkangodutsa popita ku Liwonde kapena ku Mangochi. Nditayamba kutsikapo n'kuzungulira tauniyi, ndinatolapo maphunziro awa.

1. Lawirirani. Kuchokera ku Limbe ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 60, kudzera pa Namadzi ndi pa Thondwe. Mukafika dzuwa lisanakwere, tauni mudzaiona, phiri mudzalikweranso.

2. Imani pa chipilala cha asilikali. Polowa m'tauni, pafupi ndi Cobbe Barracks, pali nsanja ya njerwa yokumbukira asilikali a King's African Rifles. Ine ndinaimapo nthawi yaitali. Anthu amenewa ndi azigogo athu. Anasiya makasu m'midzi kupita kunkhondo zomwe sanaziyambitse, ndipo ambiri sanabwereko.

3. Yendani wapansi. Zomba linali likulu la dziko lino kuyambira 1891 mpaka 1975, pamene boma linasamukira ku Lilongwe, ngakhale aphungu anapitiriza kukumana komweko mpaka 1994. Mbiri imeneyi ili m'munsi mwa phiri: nyumba ya Masongola yomangidwa mu 1886, nyumba yakale ya malamulo, ndi munda wa zomera momwe mukudutsa mtsinje wa Mulunguzi. Wa pagalimoto amangoona madenga. Woyenda wapansi ndiye amakhudza makoma n'kudziwa kuti malamulo okhudza msonkho ndi minda ya makolo ake ankapangidwira pamenepa.

4. Funsani akuluakulu. Safunsa anadya phula. Zikalata zakale za boma zimasungidwa ku National Archives mumzinda momwemu, koma azigogo amene ankagwira ntchito yaukalaliki ndi yaumesenjala likulu lisanasamuke amadziwa zambiri zomwe sizinalembedwe. Apatseni moni mwaulemu, khalani pansi, mumve.

5. Tengani juzi. Phiri la Zomba ndi lalitali mamita oposa 2,000, ndipo chifunga chimatsika mwadzidzidzi ngakhale kutauni kukutentha. Kukayera, pa Emperor's View, malo amene anatchulidwa polemekeza mfumu Haile Selassie ya ku Ethiopia, mumaona nyanja ya Chilwa ndi phiri la Mulanje. Zipatso zimene amagulitsa m'mbali mwa msewu gulani osanenerera kwambiri, chifukwa mabanja amadyera momwemo.

6. Chakale chimafuna wochisamala. Ichi ndicho chinandikhudza koposa. Mitengo yam'phiri ikutha ndi nkhwangwa ndi moto wolusa, pomwe madzi amene anthu a mumzindawu amamwa amachokera ku damu la Mulunguzi pamwamba pomwepo. Nyumba zina zakale nazonso zikung'ambika makoma.

Inu a ku Blantyre, Zomba ali pakhomo. Tengani ana tsiku Loweruka, mukawaonetse pamene dziko lawo linkalamuliridwa, nyumbazi ndi mitengoyi zikadalipo.