Tsiku Limene Tinamuvula Mwana wa Eni

Amayi anzanga, sabata ino ndikupemphani kuti mundimvere moleza mtima, pakuti ndili ndi kanthu kamene kakhala kakundilemera kuyambira mu 2022.

Gulu lathu la amayi lili ndi timu ya atsikana ya ntchemberembaye, ndipo woiyang'anira ndine. M'chilimwe cha chaka chimenecho tinapita kukasewera ndi atsikana a kutsidya kwa mtsinje. Mphotho yake inali mpira watsopano ndi ndowa ziwiri. M'timu mwathu munali mtsikana wa zaka 15, wamtali, wa mapewa otambalala ndi mawu aakulu. Ife omudziwa sitinkadabwa nazo mphamvu zake, popeza nkhuni ndi mtondo wa banja lonse zinali pa iye kuyambira ali wamng'ono. Atangomwetsa zigoli zingapo, a mbali inayo anayamba kukuwa kuti, "Ameneyo ndi mnyamata! Mwatibweretsera mwamuna!" Ndipo oyambitsa mfuwuwo sanali abambo ayi. Anali amayi onga inu ndi ine.

Woyimbira anaimitsa masewera. Poopa kuti tichotsedwa mu mpikisano, ndinamugwira dzanja mwanayo n'kulowa naye m'kalasi pamodzi ndi amayi awiri a kutsidyako. Iye anandiyang'ana nati, "Amayi, inunso?" Ine ndinati, "Vula mwanangu, tithane nazo." Anavula. Anali mtsikana, monga ndinkadziwira kale, pakuti tsiku limene anabadwa, amene anaperekeza mayi ake kuchipatala ndinali ine ndemwe. Tinapambana, ndipo ndowazo zilipo mpaka lero.

Mwina mukufunsa kuti maganizo oti mwamuna angalowe m'masewera a akazi akuchokera kuti. Kunja kuno kuli mkangano weniweni, ndipo umatifika kudzera m'mawailesi ndi m'mafoni. Pali anthu amene anabadwa ndi thupi lachimuna koma mumtima amadziona kuti ndi akazi, ndipo ena amalandira mankhwala n'kumakhala moyo wachikazi. Pa Chingerezi amawatchula kuti transgender. Mmodzi wa iwo, Laurel Hubbard wa ku New Zealand, analoledwa kunyamula zitsulo pamodzi ndi akazi pa masewera a Olimpiki ku Tokyo mu 2021, ngakhale sanapate mendulo. Dandaulo la akazi ambiri ndi lomveka. Mnyamata akamatha msinkhu, m'thupi mwake mumachuluka timadzi totchedwa testosterone timene timakulitsa mafupa ndi minofu, ndipo palibe mankhwala amene angafupikitse munthu atatalika kale. N'chifukwa chake mu Malichi 2023 bungwe loyang'anira mipikisano ya liwiro padziko lonse, World Athletics, linaletsa aliyense amene anatha msinkhu ali mnyamata kupikisana ndi akazi. Ine chigamulochi sindichitsutsa. Masewera a akazi anapatulidwa kuti mwana wamkazi naye akhale ndi pake popambanira. Komabe munthu woletsedwayo anabadwa kwa mayi mnzathu. Akuluakulu amupezere posewerera, osati kumusandutsa choseketsa.

Koma taonani amene chikayikochi chikuwagwera kwathu kuno. Barbra Banda wa ku Zambia anabadwa mkazi ndipo anakula ali mkazi. Ku Tokyo konkuja anamwetsa zigoli zitatu posewera ndi Netherlands, n'kumwetsanso zitatu posewera ndi China. Chaka chotsatira, 2022, sanasewere nawo mpikisano wa akazi a mu Africa ku Morocco chifukwa cha nkhani ya testosterone yomweyi. Mu 2024 wailesi ya BBC itamusankha kukhala katswiri woposa onse pa mpira wamiyendo wa akazi, anthu anamunyoza pa intaneti kuti ndi mwamuna. Nanga wathu Tabitha Chawinga, mwana wa ku Rumphi? Mu 2021 anauza nyuzipepala ya The Guardian ya ku Britain kuti ali ndi zaka 13 anakakamizidwa kuvula pamaso pa anthu kuti atsimikize kuti ndi mtsikana. Ndiye mtsikana yemweyo amene anadzamwetsa zigoli zambiri kuposa wina aliyense mu ligi ya ku Italy mu 2023. Akanati asiye mpira tsiku limene anamuvulalo, bwenzi tikunyadira yani? Nkhani yakeyi ndinaimva mochedwa, nditachita kale zomwezo kwa mwana wina, ndipo usiku umenewo tulo sindinatione.

Kuyambira mu Seputembala 2025, World Athletics imafuna kuti mkazi aliyense wopikisana pa mipikisano yake ikuluikulu ayezedwe magazi kapena kupukutidwa m'kamwa ndi kathonje, ndipo kuyeza kumeneko kumachitika mwachinsinsi. Ngakhale zimenezo alipo akazi odandaula nazo. Nanga ife pa bwalo la kumudzi timayeza ndi chiyani? Ndi maso basi, ndi kuwawa kwa kugonja. Mtsikana akachepa m'chiuno, akameta tsitsi, akathamanga kuposa mwana wathu, tati ndi mnyamata. Chonsecho ndife tomwe timalangiza anamwali kuti thupi la mkazi silionetsedwa wamba.

Gulu lathu linakhala pansi n'kumanga mfundo. Mayina a osewera timawapereka tsiku la masewera lisanafike. Wokhala ndi dandaulo adikire masewera athe, akalitule kwa akomiti kholo la mwanayo lili pomwepo. Wina akaumirira zoti mwana avule, timanyamula mpira wathu n'kubwerera kwathu, mphotho aitenge. Ndikupemphani, inu amene mumatsogolera magulu, kuti mukakambirane zimenezi chikho cha chaka chino chisanayambe.

Mtsikana uja sanabwerenso ku bwalo. Patapita miyezi ndinatenga nkhuku n'kupita kwawo kukapepesa. Mayi ake anailandira ndi manja awiri. Iye anagwada chapatali, maso ali pansi, nati, "Zinatha, amayi." Kenaka anatenga chidebe n'kupita kumjigo. Malaya ake osewerera akadali m'dengu mwanga. Atsikana ena onse amawakhuthukira.