Ndani walipira dekoda mwezi uno?

Pa 8 Ogasiti 2023, kutangotsala masiku atatu kuti ligi ya mpira ya ku England iyambe, kampani ya MultiChoice inalengeza kuti DStv yachoka m'Malawi. Amene anali atalipira kale anauzidwa kuti aonerabe mpaka masiku awo atathe, koma ndalama zina kampaniyo inati silandiranso. Gwero la mkanganowo linali mtengo. Kampani inafuna kukweza, bungwe la MACRA, lomwe limayang'anira mawailesi ndi mauthenga, linati mtengo sungakwere popanda chilolezo chake, ndipo nkhani inakafika ku bwalo lalikulu la milandu. Ofesi ya kampaniyo ya m'dziko muno inkanena kuti yokha imangotolera ndalama, mitengo imachokera kwa eni ake kunja. Kumayambiriro kwa Disembala bwalo linagamula mokomera kampani, DStv n'kubwerera.

M'miyezi inayi imeneyo ndinamva anthu ambiri akunena kuti limeneli ndi dandaulo la mabwana a ku Area 10 ndi ku Namiwawa, anthu okhuta amene akulirira mpira pamene ena akulirira ufa. Onena chonchi sanakhalepo pamsika wakumudzi Loweruka masana.

Msuweni wanga ali ndi vidiyo sho pamsika wina m'boma la Ntcheu, m'mbali mwa msewu wa M1. Ndi kanyumba ka zigwagwa, mabenchi asanu ndi atatu, chinsalu chakuda pakhomo, dishi padenga, ndi bolodi panja pomwe amalemba ndi choko matimu amene akusewera tsikulo. Olowa mmenemo ndi anyamata a kabaza, ogulitsa mbatata ndi kabichi, aphunzitsi a ku pulayimale, nthawi zina ndi a mfumu amene. Pakhomo amalipira ndalama yongokwana mandasi awiri. Dekoda imodzi imeneyo imaonetsa mpira anthu oposa amene mabwalo ena a ligi yathu amalandira pakati pa sabata. Ikazima, wa chips wapakhomo naye amagona ndi njala.

Chifukwa chimene mtengo umakwerera si chinsinsi. Mpira wa ku England sugulidwa ndi makwacha. Ufulu wouonetsa umagulidwa ndi ndalama zakunja, setilaiti nayo chimodzimodzi. Kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mlandu wa DStv udakali m'khoti. Choncho mtengo wa pamwezi umayenda ndi dola, pamene thumba la mnyamata wa kabaza limayenda ndi phazi. Msuweni wanga ali pakati pa ziwirizi. Akakweza pakhomo, anthu amakaima kuseri kwa zigwagwa n'kumamvera mawu okha, kapena amaunjikana anthu asanu pa foni imodzi. Akapanda kukweza, tsiku lolipira limamupeza ndalama zisanakwane.

Andale a m'maiko athu amaikonda nkhondo ya mtengo wa kanema. Ku Nigeria akhala akukokanakokana ndi kampaniyi kwa zaka, ndipo ku Ghana mu 2025 nduna inaopseza kuti ilanda chiphaso ngati mtengo sutsika ndi 30 peresenti. Ndi nkhondo yokoma kwa wandale chifukwa mdani wake ndi mlendo, savota, ndipo anyamata onse amakuombera m'manja. Sindinaonepo ukali womwewo ukuloza mtengo wa feteleza kapena mafuta a galimoto, pomwe chala chingathe kubwerera kwa mwini wake.

Koma pali njira ina imene ndale zimalowera mu vidiyo sho, yopanda phokoso. Chaka cha 2025 chitangoyamba, msuweni wanga anandiuza pafoni kuti mavuto ake atha. Mmodzi mwa ofuna uphungu m'deralo, amene timawatcha ashado, anatumiza mnyamata wake kudzafunsa kuti dekoda imadya zingati pamwezi. Kuyambira pamenepo ndalama inkafika pafoni tsiku lolipira lisanakwane. Loweruka lililonse kulowa kunali kwaulere. Chimene shadoyo anapempha chinali chochepa: kalendala ya nkhope yake ikhomedwe pansi pa kanema, chimkuzamawu chiziimba nyimbo ya kampeni mpira usanayambe, ndipo matimu akapita kopuma, mwini vidiyo azikumbutsa anthu amene walipira.

Ndinamufunsa ngati sakuona kuti akugulitsa anthu ake.

"Asuweni, inu mumadya za m'mabuku," anatero akuseka. "Ine ndimadya za Arsenal. Bwerani mudzauze anyamatawa kuti lero kulibe mpira chifukwa cha demokalase, tione ngati mubwerere ndi nsapato zonse ziwiri."

Nthawi yomweyo ine ndinali pa ntchito yomasulira timabuku tophunzitsa anthu za chisankho, ndipo ndinali nditakakamira pa mawu amodzi. Lamulo la zipani za ndale la 2018 limaletsa chimene m'Chingerezi amati handouts. Wopezeka wolakwa chilango chake ndi chindapusa cha K10 miliyoni komanso zaka zisanu kundende. Koma mawuwa m'Chichewa ndi chiyani? Ndikalemba kuti mphatso, ndaletsa chinthu chimene aliyense anaphunzitsidwa ali mwana kuti ndi ulemu. Mlendo sapita kwa amfumu chimanjamanja. Ndikalemba kuti ziphuphu, agogo amene alandira kapaketi ka shuga pamsonkhano sadzizindikira m'mawuwo, chifukwa ziphuphu ndi za m'maofesi, zopatsirana kuseri, pamene iwo analandira masana dzuwa likuswa mtengo, akuvina. Ambiri amangoti zaulere, koma vuto la zinthuzi n'lakuti si zaulere. Ndinakhala masiku awiri ndi chiganizo chimodzi, n'kuthera pa mawu aatali ngati njanji: ndalama kapena katundu woperekedwa pofuna kukopa munthu kuti akuvotereni. Palibe anganene zimenezo pamsika.

Chinenero chathu chinaidziwa kale nkhaniyi, kungoti sichiiona ngati mlandu. Timati kupatsa n'kuika. Wopatsa sataya, amasungitsa, ndipo tsiku lina adzabwera kudzatenga. Mwambiwu unapangidwira anthu ofanana, mnansi wokupatsa lichero la chimanga chaka cha njala podziwa kuti chaka china njala idzagogoda kwake. Ukachoka pakati pa anansi n'kukhala pakati pa munthu wa Prado ndi munthu wa njinga, mawu amakhala omwewo koma chosungitsidwacho chasintha. Wa njinga alibe chimanga choti adzabweze. Ali ndi chala chimodzi choviika mu inki.

Lamulo lomwelo lili ndi khomo lakumbuyo. Limati zipangizo za kampeni sizili m'gulu la zoletsedwa, chimodzimodzi ndalama yobwezera thiransipoti, chakudya ndi zosangalatsa pa zochitika za chipani. Tsono mpira wa Loweruka mu vidiyo sho, wolipiridwa ndi shado, nyimbo yake ikuimba, ndi chiyani? Palibe amene walandira khobidi m'manja. Palibe thumba la ufa loti wina ajambule. Anthu angoonera Liverpool. Ine monga womasulira ndikhoza kuuika mbali iliyonse ya lamulolo, ndipo loya wa shadoyo angachite bwino kuposa ine.

Funso limene limandivuta kwambiri ndi la komwe ndalamazo zimachokera. Kafukufuku amene Michael Wahman anachitira bungwe la Westminster Foundation for Democracy pa chisankho cha 2019 anapeza kuti wopikisana pa mpando wa phungu ankawononga pafupifupi K14.8 miliyoni, ndipo opambana ankafika cha m'ma K27 miliyoni. Imeneyo ndi kwacha ya nthawi imeneyo, isanagwe kawiri konse. Ndalamazo zimapita ku mabokosi a maliro, mabonanza a mpira, malata a tchalitchi, fizi ya ana a eni ake, zitenje, mafuta a malole otuta anthu, ndipo tsopano ndi dekoda. Munthu amene wawononga zoterezi salowa m'Nyumba ya Malamulo ali mfulu. Ali ndi ngongole, kaya kubanki kaya kwa wamalonda amene anamugwira mkono, ndipo wamalondayo nayenso amadziwa kuti kupatsa n'kuika. Iye sadzafuna voti. Adzafuna kontirakiti ya msewu, chilolezo choitanitsa katundu, kapena kuti lamulo lina ligone m'kabati. Lamulo la 2018 limati zipani ziziulula amene wazipatsa ndalama zambiri, koma mlembi woyang'anira zipanizo anasankhidwa mu 2024, patatha zaka zoposa zisanu lamulo lili pa pepala. Mpaka lero munthu wamba sangakuuzeni amene anagula galimoto zimene zinadzaza misewu nthawi ya kampeni.

Sindikunena kuti shado wa ku Ntcheu ndiye anagwetsa kwacha. Koma boma limene limagula zinthu pamtengo wokwera kuti anzake a chipani abweze zawo, limabwereka mosalekeza, ndipo dola ikasowa, onse ogula zakunja amalipira, kuphatikizapo mwini kanyumba ka zigwagwa. Ndalama imene inalowa pafoni ya msuweni wanga ngati thandizo ili ndi ubale, ngakhale wa patali, ndi chifukwa chimene iye analephera kulipira yekha.

Abale athu a ku South Africa anaiona nkhaniyi kuchokera mbali inayo, ndalama zikuchoka kwa oonera kupita kufupi ndi andale. Mu 2017 zikalata zimene zinatuluka zokhudza banja la Gupta, lomwe linali pa ubwenzi ndi Jacob Zuma, zinaonetsa kuti MultiChoice inakweza ndalama zimene inkalipira kanema wa banjalo, ANN7, kuchoka pa R50 miliyoni kufika pa R141 miliyoni pachaka, kuphatikizapo R25 miliyoni yapadera. Zimenezi zinachitika m'zaka zimene boma linali pa mkangano wa mtundu wa madekoda oti dziko ligwiritse ntchito posamukira ku kanema wa dijito, nkhani imene kampaniyo inali nayo chidwi chachikulu. Mu Januwale 2018 kampaniyo inati panali zolakwika m'kayendetsedwe ka mgwirizanowo koma panalibe katangale, ndipo sinaupitirize. Aliyense aweruze yekha. Chimene chimandikhudza ine n'chakuti ndalama za kampani yotere zimachokera kwa anthu olipira mwezi ndi mwezi, ndipo mwa iwo munali Amalawi a ku Joni, ogwira ntchito m'minda ya maluwa ndi m'makhitchini, amene analipira kuti aonere mpira basi.

Dziko lathu linakhala lopanda kanema wakewake ulamuliro wonse wa Kamuzu Banda. Television Malawi inayamba mu 1999. Kuyambira pamenepo chipani chilichonse chikakhala kotsutsa chimadandaula kuti kanema wa boma ndi wa olamula, chikalowa m'boma n'kuiwala dandaulolo. Mwina n'chifukwa chake anthu anathawira ku mpira wakunja. Kumeneko kokha ndiye kunali mphindi 90 zopanda nkhope ya bwana, zimene munthu ankagula ndi ndalama yake, n'kukhala pa benchi limodzi ndi wa chipani china, kutukwanizana za penate osati za mtundu. Msuweni wanga akuti Loweruka zaulere zija zitayamba, anyamata odziwika kuti ndi a shado winayo anasiya kubwera. Palibe anawathamangitsa. Ankangoona kuti mpirawo ndi wa eni ake.

Chisankho chinachitika pa 16 Seputembala 2025. Shado uja sanapambane, ndipo mwezi wotsatira nambala ya mnyamata wake inayamba kunena kuti sikupezeka. Anthu anali atazolowera kulowa ulere, moti kuwabwezera ku ndalama ya pakhomo inali nkhondo ina. Msuweni wanga anatsikira ku phukusi lotchipa, lopanda masewero akuluakulu, ndipo masiku ambiri akuonetsa mafilimu a karate omasuliridwa m'Chichewa ndi ma DJ a m'tauni, anzanga a ntchito amene salimbana ndi mawu masiku awiri. Kalendala ija sanaichotse, akuti ikutseka kabowo kolowetsa dzuwa.

Sabata yatha anandiimbira kuti kukubwera masewero a Manchester United ndi Arsenal, ndipo ndalama yapelewera pang'ono.

"Tumizani kangachepe, asuweni," anatero. "Kapena mungoimira inuyo 2030. Khoma lilipo, tidzakhoma yanu."