Kalata kwa Mwana Wanga, Mtolankhani wa Zachuma pa Kanema

Mwana wanga Nangozo,

Ndikhulupirira uli bwino ku Blantyre kumeneko. Kuno ku Bembeke tili bwino, kungoti chisanu chafika mwamphamvu ndipo amayi ako miyendo yayambanso kuwavuta. Uthenga woti akupatsa pulogalamu ya zachuma ndi malonda pa kanema unatipeza, ndipo takondwera kwambiri. Tinaona mmene unavutikira ku Polytechnic, yomwe lero akuti MUBAS, komanso zaka zija unkayenda wapansi kusaka nkhani za pa wailesi, malipiro ake osakwana ndi lendi yomwe. Kalatayi ndailemba poyera chifukwa zomwe ndikuuze zikukhudzanso anzako a ntchito.

Pamene Television Malawi inkatsegulidwa mu April 1999, iwe unali usanayambe sukulu. Ife tinakula mu nthawi ya Kamuzu, kanema kulibe, wailesi imodzi yokha ya MBC. Mtengo wa chimanga ndi mtedza unkachokera ku ADMARC, ndipo munthu sunkafunsa kuti chifukwa chiyani. Lero kuli MBC, Times, Zodiak, Mibawa ndi ena, ndipo kuyambira mu September 2020 pali lamulo lokupatsa mphamvu yoitanitsa zikalata ku maofesi a boma. Ufulu wofunsa uli nawo. Chomwe ndikupempha n'choti uzifunsa m'malo mwa anthu amene sangafike pamaso pa nduna.

Ukukumbukira November 2023, pamene Reserve Bank inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, dola imodzi n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Chaka cha 2022 mu May anali ataitsitsa kale ndi 25 peresenti. Mu November muja pa kanema panadzaza akatswiri ovala mataye, kufotokoza za IMF ndi kusowa kwa ndalama zakunja. Zomwe ankanena zinali zoona, koma mlimi wa mbatata ya kachewere kuno sanamvemo dzina lake. Fetereza wa kudimba amagula pa mtengo wa m'sitolo, poti wotsika mtengo wa boma uja amagawira chimanga, ndiponso safikira aliyense. Mankhwala opopera chiwawu ndi ochokera kunja. Zonsezi zinakwera nthawi yomweyo, pamodzi ndi mafuta a galimoto. Mbatata yake yokha ndiyo inachedwa kukwera, chifukwa mtengo amatchula ndi venda, ndipo mlimi sangakanitsitse: akaisunga imaphuka kapena kuwola, ana akudikira fizi.

Nkhani imeneyi ili pano, ikungodikira kamera. Mavenda ambiri sagula pa sikelo. Amabwera ndi matumba awoawo, osokerera chigamba pamwamba kuti alowe mbatata yochuluka, koma mtengo n'kukhala wa thumba limodzi. Udzabwere udzaone thumba likudzazidwa kudimba, udzalembe ndalama yomwe mlimi walandira. Udzalitsatire pa njinga mpaka pa msewu wa M1, udzafunse wakabaza, wamsonkho wa pamsika, mwini lole. Udzafike nalo mpaka pa chiwaya ku Ndirande kapena ku Area 25, udzawerenge mbale za tchipisi zotuluka mu thumba lomwelo. Ukatero, aliyense adzaona yekha pomwe phindu limatsalira, ndipo wogulitsa tchipisi nayenso adzanena zake za mtengo wa mafuta ophikira ndi nkhuni. Ine sindikuti venda ndi wakuba. Nayenso amabetcha ndalama zake pa katundu wowola. Koma masamu amenewa sanaikidwepo poyera kuti mlimi awaone.

Ukadzafika, udzapitirirenso ku Lizulu, komwe msewu womwewo ndiwo malire a Malawi ndi Mozambique. Tsidya lino kwacha, tsidya linalo metikali, ndipo kabichi, tomato ndi mbatata zochokera ku Angonia zimangowoloka msewu. Amayi a pamsika paja amadziwa mphamvu ya kwacha tsiku ndi tsiku, banki isanalengeze n'komwe.

Ambiri kuno alibe magetsi. Amakuonera pa foni, pa Facebook, kapena m'magolosale a pa Chimbiya ndi pa Linthipe. Ukamalankhula nawo m'Chichewa chomveka, n'kuwauza kuti chiwongoladzanja chikakwera ku Reserve Bank ngongole ya kubanki nayo ikwera, amamva ndipo amakambirana mpaka ku banki m'khonde.

Tsopano ndinene chomwe chimandisowetsa tulo. Ndikudziwa kuti pa ntchito yanuyi pali chipondamthengo. Kampani imakuitanani ku hotela kunyanja, mudye, mugone, pobwerera envulopu m'thumba. Ndikudziwanso kuti malipiro anu ndi ochepa ndipo moyo wa m'tauni ndi wodula, choncho sindikuweruza mnzako aliyense. Koma mtolankhani wa zachuma amakhala pafupi ndi ndalama kuposa anzake onse, ndipo amene wakudyetsa lero sungamufunse funso lowawa mawa. Mu 2013 ndalama za boma zoposa K13 biliyoni zinasowa pa miyezi yowerengeka pa nkhani ya Cashgate, m'zipatala mulibe mankhwala. Kuba kotere kumabisala m'manambala, ndipo amene angakuone msanga ndi munthu wonga iwe, wodziwa kuwerenga ndondomeko ya chuma ndi malipoti a wofufuza mabuku a boma. Ukakhala kuti unalandira kale, udzaona koma udzakhala chete. Zikakuthina, tiuze. Tidzagulitsa mbatata, ngakhale mbuzi, tikutumizire.

Usamale moyo wako, mwana wanga. Nkhani yokhudza anthu a ndalama usamaiyendere wekha, ndipo usaulutse nambala yomwe sunaitsimikize, chifukwa ukalakwitsa kamodzi adzakunyoza nayo mpaka kale. Amene wakuuza chinsinsi cha ku ofesi kwake umuteteze, nayenso ali ndi ana.

Mbatata ya kudimba tiyamba kukumba chisanu chikatha. Upemphe akulu ako a ntchito akupatse galimoto ndi wojambula, ubwere nthawi imeneyo. Alimi anzanga ndawauza kale ndipo avomera kulankhula. Amayi ako ndi azakhali ako akupereka moni.

Ndine bambo ako,
ku Bembeke, Dedza.