Mabenchi khumi, ndalama ya anayi

Ntchito yanga ndi ya matabwa, ndipo shedi yanga ili ku Chinamwali, m'mbali mwa msewu wa ku Liwonde. Ndimakhoma zitseko, mabedi ndi makabati, koma chimene chalera ana anga ndi mabenchi a m'matchalitchi. Mpingo ukamakula ndimadziwa msanga, chifukwa akulu ampingo amandipeza Lolemba m'mamawa. "Bambo mmisiri, dzulo ana anakhala pasimenti, amayi ena anamvera ulaliki pawindo. Tikufuna mabenchi khumi, koma ndalama ilipo ya anayi."

Ku Zomba kuno vutoli lili ndi gwero lake. Likulu la dziko linasamukira ku Lilongwe mu 1975, ndipo ambiri a malipiro onona anapita nalo. Odzaza matchalitchi lero ndi ophunzira a ku University of Malawi, mabanja a asilikali a ku Cobbe Barracks, ndi anthu a geni a ku Chikanda, Sadzi ndi Matawale. Wophunzira amaimba mwamphamvu, kwaya imakoma, koma m'mbale ya chopereka amaponyamo zochepa. Sindikumunena, iyenso akudikira ya makolo. Kungoti pabenchi amatenga malo ofanana ndi a bwana.

Malowo ine ndimawayeza ndi tepi. Munthu wamkulu amafuna mainchesi 18, choncho benchi la mafiti 12 limakhalitsa anthu asanu ndi atatu, ngakhale pa Khirisimasi amapanikizanapo khumi. Benchi lotalika choncho limafuna miyendo m'malo atatu, ndipo yapakatiyo ndi imene makomiti amakonda kundiuza kuti ndichotse kuti mtengo utsike. Ndimakana. Popanda miyendo yapakati, thabwa limayamba kugwa msana, kenako tsiku lina limathyoka pakati pa pemphero. Miyendo sindingoikhomera misomali. Ndimaboola bowo ndi chizulo, ndikusema nsonga ya mwendo kuti ilowe mothina, ndikuthira guluu. Kunsi kwake ndimapaka oyilo wakuda wotsala m'galimoto kuti chiswe chisayandikire, makamaka kumene pansi sanaikebe simenti.

Koma zonsezi n'zachabe ngati thabwa lili laliwisi. Matabwa athu ambiri ndi a paini wa m'phiri la Zomba. Anyamata amatsika nawo msewu wa Ku Chawe ali pamutu kapena panjinga, utomoni ukadali nyatanyata, ukagwira umamata m'manja. Thabwa lotero limafuna kugonekedwa pamthunzi miyezi ingapo, losanjikizidwa ndi timitengo pakati kuti mphepo izidutsa. Komiti siifuna kumva zimenezo. Imafuna mabenchi afike mgonero usanakwane, kapena bishopu asanabwere kudzapereka ulimbitso. Ukakhoma choncho, dzuwa la Okutobala likangowomba thabwa limapindika, mitu ya misomali imatuluka n'kumang'amba masiketi a amayi a Mvano. Pamenepo wakuba amakhala mmisiri.

Phirilo nalonso silili monga kale. Moto wa chilimwe ndi odula mitengo mozemba asiya zipala m'malo ambiri, ndipo thabwa lotambalala bwino likusowa. Mbawa ndi mlombwa, zimene ndimazipeza ndikamakonza mabenchi akale a ku mishoni, mpingo wamba sungazikwanitsenso.

Ndalama nayo siidikira. Mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo misomali, guluu ndi vanishi zinakwera nthawi yomweyo. Mpingo wina unali utachita Pepa Sande miyezi ingapo m'mbuyomo, ndalama n'kuzisunga ku banki podikira kuti zikwane zomangira tchalitchi chatsopano. Pobwera kwa ine, ndalama ya mabenchi khumi inali itasanduka ya asanu ndi limodzi. Tchalitchi chatsopanocho mpaka lero chili pamawindo, udzu ukumera m'kati, pomwe m'chakale muli zokuzira mawu zikuluzikulu ngati za padansi, agogo atakhala pamphasa.

Mipando ya pulasitiki yandilanda makasitomala, ndipo ubwino wake sindiukana: banja lililonse likhoza kugula umodzi mwezi uno, wina mwezi wamawa. Koma imayenda. Ikabwerekedwa kumaliro kapena kuchinkhoswe imabwerako yoperewera, ina yothyoka mwendo, ndipo pulasitiki ikathyoka sumaikonza. Benchi la paini ndimalipala ndi puleni, ndikulipakanso vanishi, n'kubwerera m'tchalitchi.

Mipingo imene ndaiona ikuyenda bwino ndi imene inayamba yagawa mapemphero, a Chingerezi m'mamawa, a Chichewa pambuyo pake, benchi limodzi n'kutumikira magulu awiri kapena atatu. Abusa amatopa, n'zoona, ndipo akulu ampingo amayenera kuwalandira ulaliki wina. Komabe palibe amene wabwerera pakhomo chifukwa chosowa pokhala, ndipo ndalama ya denga imasonkhedwa mtima uli m'malo.

Inu asungichuma a mipingo, Pepa Sande ikatha musathamangire ku banki ndi ndalama yonse. Gulani matabwa sabata yomweyo, muwasanjike kuseri kwa guwa kapena m'chipinda cha akulu ampingo, aume. Mukadzatiitana amisiri, mudzangolipira manja ndi misomali. Ndipo ngati mpingo uli ndi kamalo kopanda ntchito, bzalanipo paini kapena malaina dzinja lino.